Wisiki wogonera wa kwa a Zimba

Zaka zija msewu wa ku Magodi unkameza njinga mvula ikagwa, inu anyamata a tumabotolo tam'thumba musanamere ndevu, mowa unali ndi ulemu wake, ndipo munthu sankamwera kuseri kwa msika ngati wakuba. Tsamiritsani njingazo, makasitomala kulibe dzuwa ili. Iwe wachipewa, tseka foniyo.

Ine ndinachoka ku Kasungu kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, ndipo mphwanga Yotamu, mwana wa mlongo wanga, ananditsatira, koma iye anapitirira mpaka ku Lusaka kukayendetsa galimoto la bwana wina. Atabwera patchuti, maso ake anagwa pa Esnati, mwana wa a Zimba. Ha, a Zimba! Mdala uja anabweza amuna ambiri, uyu akuti ndi waulesi, uyu akuti amaseka kwambiri, mpaka Esnati anzake onse anali ndi ana kusukulu, iye akadali pakhomo. Tonse tinkadziwa kuti Yotamu akabwezedwa, mtsikana uja akalambira pamenepo.

Thenga wake, ankhoswe titero kwathu, ndinali ine. Yotamu anandipatsa botolo lokulunga m'nyuzipepala, akuti, “Malume, uyu ndi wisiki, mabwana amamwa. Mukawauze kuti wakhala zaka khumi ndi ziwiri.” Ine osafunsa zambiri, ndinangonyamula.

Ndinafika kwa a Zimba m'mawa. “Monire, adada.” “Yewo, yewo.” Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo mayi ake a Esnati, NyaPhiri, anakhala pamphasa chapatali. Mayi amenewo ndiwo ankatcheza kachasu wodziwika m'dera lonse, woyera mbee ngati madzi a pamjigo. Kumbukirani zimenezo, chifukwa kumudzi kachasu akafiira ndiye kuti wapserera kapena mpope ndi wadzimbiri.

Nditavundukula botolo, a Zimba analiyang'anitsa padzuwa. “Bwanji wafiira?”

Ine ndi chifuwa chonse, “Adada, uyu si wamasewera. Wakhala zaka khumi ndi ziwiri!”

Abale inu! Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa. A Zimba anaika botolo pansi pang'onopang'ono. “Mowa wa masese ukagona masiku atatu timapatsa nkhumba. Inu mwandibweretsera umene anthu a ku Lusaka akhala akuukana zaka khumi ndi ziwiri? Mukundiyesa dzala ine?” Anayamba kufufuza ndodo yawo, ndipo aliyense ku Magodi ankadziwa kuti a Zimba akagwira ndodo, nkhani yatha.

Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha, pakuti kuseri kwa chitseko ndinkaona zala za mapazi a Esnati. Mwambo umati wobweretsa mowa ayambe ndiye kulawa, kuchotsa ufiti, choncho ndinatsegula msanga, n'kuthira m'kapu, n'kumeza. Mayo ine! Unayamba ngati moto, kenako unafewa, n'kusiya kafungo ka utsi wa nkhuni ndi uchi pang'ono, ndipo kufunda kwake kunatsika mwaulemu, osati kachasu amene amalowa ngati wapolisi. Mwina ndi iwo unandimasula lilime, chifukwa ndinangomva pakamwa panga pakuti, “Adada, Esnati mwamusunga m'nyumba zaka zonsezi. Kodi wasasa?”

Ndinadziwa kuti ndodo ija tsopano ndi yanga. Koma NyaPhiri anaphulika kuseka mpaka duku linagwa. “Bwera nalo kuno botololo, iwe wa ku Kasungu.” Anathira pang'ono pasupuni, anayatsa machesi, ndipo kamoto kabuluu kanavina pamenepo. Ananunkhiza, analawa kadontho, anakasunga m'kamwa nthawi yaitali maso ali chitsinzire. “Amene anatcheza uyu ndi munthu wodekha,” anatero. “Sunavunde, wakhwima. Ada Zimba, imwani, musatichititse manyazi.”

Mdala analandira kapu, koma m'malo molawa anagugudiza yonse kamodzi monga amachitira ndi kachasu. Anatsokomola, anamenya pachifuwa, misozi mbwembwembwe. Tinadikira kuti isiye, koma sinasiye. Anayang'ana kuchitseko kuja, n'kunena motsitsa, “Akapita uyu, adzandiseketsa ndani pakhomo pano?” Kenako anapukuta maso ndi chipewa, n'kukalipa, “Mukuyang'ana chiyani? Ndi mowawu! Kambani za ng'ombe za malowolo.”

Yotamu ndi Esnati ali ndi ana akuluakulu tsopano, ndipo Esnati mpaka lero akandiona amati, “Malume, munandiyesa mowa ine,” koma tiyi amandithirira shuga wambiri. Botolo lija a Zimba analisunga m'sutikesi, ankalawa kadontho tsiku limene mwana wawo wabwera kudzacheza basi.

Ndiye mukandifunsa kuti chabwino n'chiti, wisiki, burande kapena jini, ine ndimati wisiki, koma mumwe ngati NyaPhiri, osati ngati a Zimba. Muyambe mwadya, muthire timadzi pang'ono, mukhale pansi ndi munthu amene mumamukonda, ndipo kapu ikatha mutseke botolo. Zanu zam'thumbazo, zotchezedwa dzulo n'kumezedwa lero njinga ili m'manja, zidzakuperekezani kumanda msanga. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ana inu, ndipo si mawu okha. Iwe wachipewa, mayi uyo akufuna njinga, dzuka.