Nambala Seveni Akana Mpala

A Hector, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Chiringa, analemba sewero la dziko lomwe anthu onse amavala zofanana, amameta mpala, ndipo alibe mayina koma manambala. Lachinayi pokonzekera seweroli, mwa osewera onse mutu wosameta unatsala umodzi, wa Goodman wakabaza, yemwe chinkhoswe chake chinali Loweruka lomwelo.

"Khala apa, Nambala Seveni," anatero a Hector, lumo lili m'manja.

"Ndine Goodman, aphunzitsi. Munandiphunzitsa nokha sitandade faifi."

"M'dziko lathuli mulibe Goodman."

Goodman anayang'ana cha kuphiri la Michesi. "Dziko lake liti? Kupitirira malire a Mozambiki?"

"La m'sewero, iwe. Mtsogoleri walamula kuti aliyense amete."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe wamwalira."

"Nanga tikumetera chiyani? Kwathu ku Kaduya anthu akameta gulu lonse ndiye kuti kunali maliro. Ndikafika kwa apongozi mutu uli phuliphuli, ayamba kundipepesa m'malo mondipatsa Aliness."

"Uvale chipewa."

"Pamaso pa ankhoswe? Mukufuna azinena kuti ndinakula wopanda mwambo."

A Hector anali munthu woti akanena kuti mbuzi ndi galu, mbuziyo inkayenera kuyamba kuuwa. Goodman ankawalemekeza, ndipo seweroli ankalikonda ndi mtima wonse, koma Aliness ankamukonda kuposa pamenepo. Anaganiza zoyesa njira yaulemu.

"Mtsogoleriyo ndi ndani, ndikamupemphe ndekha?"

"Ndine."

"Aaa, ndiye zaphweka." Anagwada, manja pachifuwa. "Aphunzitsi, ndikupempha."

"Sapemphedwa ameneyo. Ndi wankhanza, wouma mtima, samva za munthu."

"Musadzinyoze choncho, inu. Mumangopsa mtima msanga, basi."

A Hector anapukuta thukuta ndi pepala la sewero. "Tamvera bwino. Seweroli likuphunzitsa anthu kuti asamangoti inde ngati nkhosa. Munthu aliyense azikhala ndi maganizo akeake."

"Anga ndi osameta."

"Ako sakufunika. Anzako khumi ndi awiri ameta osafunsa ngakhale funso limodzi."

Goodman anacheukira anzake aja, omwe anali atakhala pabenchi, mitu ili ndandanda ngati mavwende pamsika. "Ndiye seweroli sanalimvetse."

"Iwe ndiye walimvetsa?"

"Ndikufunsa kuti ndimvetse. M'dziko lanulo, munthu wokana amamutani?"

"Amamuthamangitsa. Ameneyo ndiye ngwazi, anthu amamuwombera m'manja pomaliza. Mbali imeneyo woyenera sindinamupeze, nonsenu ndinu amantha."

"Nanga ine ndikakana?"

"Ndikuthamangitsa pompano." Analoza kumsewu ndi lumo. "Nyamuka, ndisakuonenso."

Goodman anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, nakwera njinga yake akumwetulira.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Sindimadziwa kuti mbali yaikuluyo munasungira ine."