Ndinathyola dzanja la alamu anga pamsika wa Kabudula

Abale ndi alongo, dzina langa ndine Kondwani, kwathu ndi ku Nsaru. Ena mumandidziwa kuti ndine wa makompyuta uja. Ena munamva za munthu amene anatsala pang'ono kuotchedwa pamsika wa Kabudula. Munthuyo ndi ine.

Ndinakulira pa esiteti ya fodya, bambo anga anali tenanti. Nditaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ndinadziona kuti ndasiyana ndi anthu onse akwathu. Kumudzi ndinkapereka moni ndi nsonga za zala.

Ndinali waukali. Sindinkafunika mowa kuti ndimenye munthu, kungotsutsidwa kunali kokwanira. Mkazi wanga akamva kulira kwa njinga yanga yamoto ankathamangitsira ana kuseri kwa nyumba.

Ntchito ndinkagwira ndi alamu anga a Limbikani, amuna a mlongo wanga Tadala. Tinapanga pulogalamu yotumizira alimi a mtedza ndi soya mauthenga a pafoni, kuwauza kuti mvula ikuyembekezeka liti, kapena kuti mbozi zaoneka dera liti. Ntchito yotere timaigwirira pa chiwindo chakuda cha pakompyuta, chopanda zithunzi, pomwe umangolemba malamulo kompyuta n'kumachita. Zaka zaposachedwapa kunabwera zida za AI, mapulogalamu otsanzira nzeru za munthu, zogwira ntchito pachiwindo pomwepo. Umachiuza chidacho zomwe ukufuna, icho n'kulemba pulogalamu, n'kuiyesa, n'kukonza polakwika.

Zida zimenezi zilipo zingapo, ndipo ife a ntchitoyi timakanganirana ngati ochemerera mpira. Tili ndi gulu lathu la pafoni. Wina ankati chakuti n'chanzeru koma chimatha bandulo msanga. Wina ankati chakuti chimanama molimba mtima, chimakuuza kuti ntchito yatheka chisanaiyese n'komwe. Achikulire ena ankati zonsezo n'zaulesi, munthu azilemba yekha.

Ine ndinkakonda chida chothamanga, ndipo ndinachilola kuti chizichita zinthu osandifunsa. A Limbikani ankakonda china chochedwa, chimene chimaima n'kupempha chilolezo chisanakhudze chilichonse. Ndinkawanyoza pagulu kuti akuyendera ngolo anzawo ali pagalimoto. Iwo sankabweza. Ankangoti chida chilichonse chili ndi pomwe chimakhoza ndi pomwe chimalephera.

Mvula itayandikira, ndinauza chida changa kuti chichotse mafayilo osafunika, ine n'kupita kukasamba. Pobwera ndinapeza chafufuta manambala a foni a alimi onse, pamodzi ndi kope lake limene tinasunga padera. Ndine amene ndinachipatsa ufulu umenewo. Sabata imene alimi ankadikira uthenga wa nthawi yodzala, foni zawo zinangoti zii. A Limbikani anayenda m'midzi kutoleranso manambalawo, ndipo sanandinene kwa aliyense.

Patapita nthawi, wina pagulu anawafunsa kuti pa zida ziwirizo chabwino n'chiti. Iwo analemba maganizo awo mwachilungamo. Anayamikira chida changa kuti chimamvetsa msanga pulogalamu yaikulu, anavomereza kuti chawo chimatopetsa ndi mafunso. Koma anachenjeza kuti munthu asalole chida chilichonse kufufuta zinthu osafunsa, chifukwa iwo anaona ndi maso awo alimi akuvutika nazo. Dzina langa sanalitchule. Mnyamata wina wa ku Namitete ndi amene analemba kuti, "Kodi ameneyu si Kondwani?" Gulu lonse linayamba kuseka.

Ndinawerenga zimenezi m'mawa wa tsiku la msika. Ndinatenga tcheni chokhomera njinga, chokhala ndi loko wamkulu kumapeto, n'kuliza njinga kulunjika ku Kabudula. Njira yonse ndinali ndi mpata wobwerera. Sindinabwerere.

Ndinawapeza atakhala pabenchi, pakhomo pa sitolo imene Tadala amagulitsiramo zitenje, laputopu ili pamiyendo. Atandiona anamwetulira n'kuyamba kundipatsa moni. Ndinazunguza tcheni. Koyamba chinaphwanya laputopu. Kachiwiri ndinalunjika mutu, iwo anatchinga ndi dzanja lamanja, ndipo ndinamva mafupa akuthyoka. Kachitatu loko anawang'amba pamwamba pa khutu, nagwa pansi. Tadala anandigwira m'chiuno akulira. Ndinamukankha, nakamenyetsa nkhope pa felemu la chitseko. Mlongo wanga wa bere limodzi.

Wina ataona laputopu pansi anakuwa kuti wakuba. Msika wonse unakhamukira pa ine. Njerwa inandipeza pakamwa, mano awiri anagwera m'fumbi. Akabaza anandipondaponda m'nthiti. Ndinayesa kunena kuti ndine wa mapulogalamu, kuti ndinapita kusukulu, koma m'kamwa munali magazi okhaokha. Anandiveka tayala m'khosi. Petulo anamukha m'njinga yanga yomwe, n'kundithira kuyambira kumutu. Ndinaona bambo wina akusanthula m'thumba kufuna machesi.

Ndinadziwa kuti ndafa. Ndinafuna kupemphera, koma sindinapeze mawu. Ndinali nditasiya kalekale.

Kenaka ndinamva chinthu cholemera chikundigwera. Anali a Limbikani. Anakwawa kuchokera pomwe ndinawagwetsa, dzanja lili lende, n'kudzagona pamwamba panga. Magazi awo ankadonthera kumaso kwanga, malaya awo ananyowa ndi petulo yemwe uja. Mwala wina unawapeza pamsana. Iwo anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Si wakuba uyu, ndi mlamu wanga. Mukamuotcha, muotche ndi ine."

Bambo wa machesi uja anabwerera m'mbuyo. Anthu anayamba kuyang'anana. A Limbikani sanasunthe mpaka apolisi atafika.

Kuchipatala anatigoneka mabedi oyandikana. Ine ndinkayang'ana kukhoma. Tadala ankabwera ndi chakudya cha anthu awiri, diso lili lotupa, n'kundiikira mbale yanga n'kutembenukira kwa amuna ake. Mkazi wanga anabwera kamodzi. Anakhala patali, sanalire. Anandiuza mosabisa kuti chindigonekereni m'chipatala ana akudya akuseka, ndipo iye akupita nawo kwawo ku Mpingu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa njerwa ija, chifukwa anali oona.

Tsiku lina masana, odikirira odwala atatuluka, ndinalimba mtima n'kufunsa a Limbikani chifukwa chimene anachitira zimenezo. Ndinkaganiza kuti anena za Tadala, kapena za ana anga. Iwo anati, "Alamu, ndinakwiya nanu, ndipo mpaka pano dzanjali likamapweteka ndimakwiya. Koma inenso alipo amene anandigonera pamwamba, pamtanda paja, ndisanapepese n'komwe. Sindikanatha kungoonerera."

Nkhani ya mtanda ndinaimva kuyambira ndili mwana. Ndinkaiyesa nkhani ya anthu osaphunzira. Tsiku limenelo ndinaimvetsa ndi thupi langa, chifukwa ndinali nditamva kulemera kwa munthu wosalakwa akulandira miyala yanga. Ndinalira ngati mwana. A Limbikani anatambasula dzanja lamanzere, lomwe silinavulale, n'kugwira langa. Anapemphera, ine ndikutsatira ndi pakamwa potupa. Ndinapereka moyo wanga kwa Yesu pabedi pomwepo.

Sindikuuzani kuti zonse zinakonzeka tsiku limenelo. Mlandu unapita kukhoti. Ngakhale alamu anandipepesera, khotilo linandilamula kusesa ndi kutchetcha pamsika womwewo kwa miyezi ingapo, anthu amene anandimenya akundiona. Pagulu lathu la pafoni ndinalemba ndekha kuti wofufutitsa manambala uja ndinali ine, ndipo womenya a Limbikani ndinenso. Tadala anatenga nthawi yaitali asananditchulenso kuti achimwene. Mkazi wanga anabwerera mvula ya chaka chotsatira itagwa, ndipo anabwerera atafunsa kaye kwa abusa ngati kusintha kwanga kuli koona.

Zala ziwiri za a Limbikani sizipinda mpaka lero. Amalemba ndi dzanja lamanzere, zina amachita kulankhula kompyuta n'kumalemba. Ndikamawaona akuvutika kumanga mabatani a malaya, ndimadziwa kuti ndi ntchito ya manja anga. Mulungu anandikhululukira, koma chilemacho chilipo.

Tikugwirabe ntchito limodzi. Za zida zija sitinagwirizanebe, iwo ali ndi chawo, ine changa, kungoti tsopano changa chimandifunsa chisanafufute kanthu. Mkwiyo umabwerabe. Ukabwera ndimatuluka panja, n'kugwada, n'kuuza Ambuye kuti wabweranso. Sanandisiyepo ndekha.

Ndikuyamika Mulungu amene anandichotsa m'tayala, amenenso akundichotsa m'kudzikuza tsiku ndi tsiku. Dzina lake lilemekezeke.

Abambo anzanga, mwina muli muno inu amene kwanu amakuopani. Mwavala bwino, mwaimba nawo nyimbo, koma mukudziwa zimene manja anu anachita sabata yathayi. Ine sindingakuweruzeni. Abusa akaitana, bwerani kutsogolo kuno. Ngati miyendo ikulemera, kwezani dzanja pomwe mulipo, ndibwera ndidzakutengeni tidzagwade limodzi. Yesu amene anandilandira ine ndikununkha petulo, akulandirani inunso lero.

Ameni.