Bokosi Lamantha

Bwana wa nyumba yosungiramo katundu anali atanenetsa kuti kamera ya pageti ikapanda kuyaka pofika masana, aitana amisiri ena. Mayi wa makompyuta anagwada pa switchi, bokosi lotumiza magetsi ku kamera kudzera m'chingwe cha netiweki, uku alamu ake, amene iye mwini anawapezera ganyu yoyala chingwecho, ataima pambuyo manja ali m'chiuno.

Kanyali ka pabokosi kanaphethira, n'kuzima.

"Taonani, lazimanso! Bokosi lamantha ili," anatero alamuwo.

"Silingachite mantha, alamu. Lilibe mtima."

"Nanga likuthawiranji magetsi?"

"Silikuthawa, ndalimanga pakhoma. Mawaya akukhudzana penapake. Magetsi akapyola malire, limadula lokha."

"Malire! Magetsi asanduka munda? Ine zaka makumi awiri ndili pa magetsi. Fyuzi ikandichitira mwano ndimaikulunga ndi waya wa kopa, basi, ulemu umabwerera."

"Muno mulibe fyuzi yoti mukulunge."

"Litsekuleni, ndiipeza."

"Mupeza bwanji chinthu choti mulibe?"

"Aaa, sukulu inakupwetekani, mlamu!" Anasolola sikuludiraiva m'thumba. Mayiyo anaphimba bokosi ndi manja onse awiri.

"Mawaya a m'chingwechi ndi oonda ngati ulusi. Mukawakakamiza atentha, ndipo adutsa pamwamba pa makatoni."

"Chingwe changa musachinene. Anyamata a masiku ano amasiya chingwe chili lende. Changa chawongoka, ngakhale mphepo singachigwedeze."

Mawu amenewo sanamukhale bwino mayiyo. Anakoka makwerero, nakwera, nayamba kusisita chingwe ndi chala. Chalacho chinagunda chitsulo.

"Alamu, msomali uwu walowa pakati penipeni pa chingwe."

"Eya. Mumafuna ulowe m'mbali? M'mbali ungagwire chiyani?"

"Ilipo ingati?"

"Makumi anayi ndi iwiri," anayankha akudziguguda pachifuwa. "Palibe ndi umodzi womwe umene ndinaphonya."

Mayiyo anatsika pamakwerero. Anatenga chingwe chatsopano m'chikwama, nachikoka mothamanga mpaka kugeti, nachikoleka paliponse pamene panapezeka pokoleka. Atachilowetsa m'bokosi, kanyali kanayaka, osazimanso.

"Lende!" anatero alamuwo akugwedeza mutu. "Manyazi ake! Ndipatseni hamala."

"Hamala musaikhudze."

"Tsono bokosi lanuli likanapanda mantha, kukanachitika chiyani?"

"Chingwe chikanatentha, makatoni n'kugwira moto. Dzulo munachilumikiza muli kuti?"

"Pamwamba pa makatoni."

"Mmenemo."

Alamuwo anayang'ana makatoni, nayang'ana bokosi. Pageti panalira hutala ya galimoto ya bwana. Alamuwo anabweza sikuludiraiva m'thumba, napukuta fumbi la pabokosi ndi mkono wa malaya awo, pang'onopang'ono, ngati akupukuta nkhope ya mwana.

"Mlamu," ananong'oneza, "bwana akafunsa, munene kuti bokosili ndinasankha ndine."