Amayi a Duku Lobiriwira

Zikomo aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi, kapena amayi amene ndikuwafunawo akumvera.

Nthawi ya risesheni ija, ntchito zitasowa mu Dublin, amuna anga ankangokhala pakhomo. Kenako mwana wathu anagonekedwa kuchipatala cha ana ku Crumlin. Ine pemphero linandiuma kukamwa. Tsiku la opaleshoni ya mwanayo ndinangokhala pansi mukolido ya chipatala. Apo panatulukira amayi ena achikulire ovala duku lobiriwira, amene kalankhulidwe kawo kanali ka ku Chipata.

Anandiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, Mzimu Woyera sanatsale pa eyapoti. Bweretsa manja."

Anagwada pomwepo, azungu akudutsa, n'kupemphera motsitsa mawu. Ndinamva kutentha kuchokera m'manja mpaka kumapazi. Ndinadzuka ndekha, ndinamuperekeza mwana mpaka pachitseko cha opaleshoni ndikumuyimbira nyimbo.

Kwathu wamkulu safunsidwa dzina, ndiye ndinangoti, "Zikomo amayi." Mwana atachira ndinawafunafuna m'matchalitchi onse a anthu akwathu. Aliyense ankati, "Dzina ndani? Ambiri anabwerera kumudzi, ntchito kulibe kuno."

Zimandiwawa mpaka lero. Mwanayo pano wandipitirira msinkhu, amandiyankha m'Chingerezi, koma sanagwirepo manja amene anadzutsa amayi ake.