Dzina Limene Bambo Namakhwa Anakana Kutchula

Malemu bambo Tobiyasi Namakhwa, amene tawagoneka patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1964 pa komboni ya munda wa tiyi ku Honde. Abusa, akuluakulu a mpingo, anamfedwa anzanga ndi inu nonse mwabwera kudzalira nafe, ine ndine Jaison, mng'ono wawo wowaponda pamutu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndiwerenga m'chiNyanja, chifukwa ndi chimene iwo ankapempherera komanso kutikalipira. Ana amene chikukuvutani mufunse ambuya anu tikabalalika.

Makolo athu, bambo Nehemiah Namakhwa ndi mayi Amelia, anachokera ku Mulanje m'chaka cha 1957. Ankati adzangogwira ntchito pang'ono, agule njinga, abwerere. Njingayo anagula, koma onse awiri anagona konkuno. Malemu anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu anayamba mu 1972 pa sukulu ya pamundapo. Mu 1977, ali Giredi 6, nkhondo inatseketsa sukuluyo ndipo sanabwererenso m'kalasi. Kuwerenga ankatha bwino, ngakhale nyuzipepala ankaiyambira kumapeto, kumene kumakhala nkhani za mpira, ndipo nthawi zambiri ankathera komweko.

Mu 1981 analembedwa ntchito yothyola tiyi. Dengu kumsana kuyambira m'mawa, madzulo ali pabwalo, osavala nsapato. Mu 1985 akuluakulu a munda wina kuno ku Chipinge anawaona akusewera ndipo anawakopa ndi ukapitawo komanso nyumba ya zipinda ziwiri. Ankasewera kumbuyo, atavala jezi ya nambala 4. Ochemerera anawapatsa dzina loti Geti la Fakitale, ati chifukwa palibe ankadutsa osasechedwa.

Pa 3 Seputembala 1988 anamanga ukwati woyera ndi mayi Joana, a ku Chirinda. Sizinali zophweka. Ife akuchimuna tinapitako kangapo, apongozi akufunsa kuti mwana wawo akadzasiyidwa adzalowera kuti, poti muBhurandaya, monga amatitchulira ife obwera, alibe mudzi kuno. Chinatithandiza ndi chakuti alamu athu onse anali okonda mpira. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Fainesi, Pardon ndi Tsungai.

Mu 1991 timu ya pamundapo inatenga chikho ndi kukwera ligi, malemu ali kaputeni. Chaka chomwecho anaitanidwa ku timu ya chigawo chonse. Anapita ku Mutare atavala jekete langa, ndipo mpaka lero silinabwerere.

Tsopano ndafika pa chaka cha 1993. Ena mumayembekeza kuti chaka chimenechi ndichilumpha. Banja lagwirizana kuti ndisachilumphe, chifukwa mlandu suwola, ndipo uwu unawatsata malemu mpaka m'chipatala.

Masiku amenewo matimu a m'minda anali ndi chizolowezi chimene achikulire mukuchidziwa. Majezi ankakhala okwanira olowa m'bwalo okha, ndipo anyamata ambiri aluso, ana a anthu obwera ngati ife, analibe zitupa, choncho sankatheka kulembetsedwa ku ligi. Ndiye wina akavulala, pa nthawi yopuma ankapita kuseri kwa thirakitala, kuvula jezi ndi kumuveka mnyamata wotere, woyimbira mpira osauzidwa. Mu Novembala chaka chimenecho, pa masewero a pakhomo, bondo la malemu linaguluka chigawo choyamba chisanathe. Kunali nkhungu ndi matope. Jezi ya nambala 4 inabwerera m'bwalo itavalidwa ndi mnyamata wina wa msinkhu wawo, eni ake atakhala m'ngolo ya thirakitala, atafunda thumba la feteleza. Chakumapeto woyimbira anapereka penate yokayikitsa. Mnyamata uja anapsa mtima, anam'menya woyimbira chibakera cha m'mbali ndi kum'thyola nsagwada. Woyimbirayo anali mlendo, nkhope zathu sankazidziwa. Chimene anaona ali pansi ndi nambala ya munthu amene ankathawa. Ine ndinali pomwepo, ndipo musandiyang'ane choncho, miyendo yangayi sinalowepo m'bwalo.

Bwana wa munda analengeza kuti wochita zimenezi achoke pantchito ndi m'nyumba. Mnyamatayo ndiye ankasunga mayi ake ofooka ndi azing'ono ake m'nyumba ya kampani, ndipo munthu wa pakomboni akachotsedwa alibe kumudzi koti apite. Timu nayo ikanachotsedwa m'ligi chifukwa choseweretsa munthu wosalembetsedwa. Akuluakulu a pakomboni anakhala pansi. Malemu anawauza kuti bondo lawo latha kale, mpira sadzaseweranso, ndipo bwana sangathamangitse kaputeni amene anam'bweretsera chikho. Anati dzina lawo likhale pomwe lagwerapo. Akuluakulu anapita ndi mbuzi kukapepesa kwa woyimbira uja, iye anakhululuka, za kupolisi zinathera pomwepo. A ligi anawaletsa malemu mpira moyo wawo wonse, nyuzipepala inalemba, ndipo bwana anawatsitsa pa ukapitawo ndi kuwabwezera ku dengu zaka ziwiri. Pakomboni aliyense ankadziwa zoona zake, ndipo tonse tinkaona ngati nkhani yatha. Nyuzipepalayo tinakulungira fodya.

Malemu anabwezeredwa ukapitawo mu 1996 ndipo anagwira ntchito mpaka mu 2014 pamene anapuma. Anasamukira ku lokeshoni ya Gaza kuno ku Chipinge, m'nyumba imene anamanga pang'onopang'ono ndi mayi Joana. Kumeneko sukulu ina inawapempha kuti aziphunzitsa ana mpira, anyamata ndi atsikana omwe. Sankalandira kanthu, koma ntchito imeneyi anaikonda kuposa ina iliyonse imene anagwirapo. Ankafika pabwalo ana asanaweruke, n'kumatola minga ndi magalasi osweka.

Mu 2019 bungwe lina linafuna kuthandiza sukuluyo ndi nsapato ndi mipira. Lisanatero linafufuza pa intaneti mayina a onse ogwira ntchito ndi ana. Pa intaneti pali buku lalikulu lija lofotokoza za anthu, malo ndi zinthu, limene aliyense angathe kulembamo. Ife sitinkadziwa kuti malemu ali ndi tsamba lawo m'menemo. Wina wokonda mpira wakale anawalemba, atapeza nyuzipepala ya 1993 ija. Ena anadzawonjezera zawo: kuti anali chidakwa, kuti ankamenya anthu kawirikawiri, ngakhalenso kuti woyimbira uja anafa ndi mabalawo, chonsecho bamboyo anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Za chikho zinali mzere umodzi, zotsalazo zinali za nsagwada. Aphunzitsi aakulu anabwera okha kunyumba, ali ndi manyazi, kudzawapempha malemu kuti ayambe aima kaye kupita kubwalo.

Mwana wawo woyamba, Fainesi, amene ndi namwino ku Mount Selinda, anaitenga nkhaniyi. Anafufuta ndime yonseyo, koma kutacha inali itabwezeretsedwa. Analemba zoona zake za thirakitala ndi jezi, osatchula munthu, ndipo nazonso zinachotsedwa. Fainesi anatengera mtima wa bambo ake aang'ono, ine amene, choncho mawu amene anawalembera akonzi a bukulo sindingawawerenge pamaso pa abusa.

Mkonzi mmodzi, amene sitinamuonepo ndipo sitidziwa dziko lake, anamuyankha mofatsa. Anafotokoza kuti pa nkhani ya munthu wamoyo lamulo lawo ndi lakuti choipa chilichonse chopanda umboni wosindikizidwa chichotsedwe msanga, komanso kuti cholakwa chimodzi chisadzaze tsamba lonse ngati kuti munthuyo sanachite china pamoyo wake. Anachotsadi za uchidakwa, za ndewu ndi za imfa ya woyimbira. Analembamo za chikho, za timu ya chigawo ndi za ana a ku Gaza. Koma chiganizo chimodzi anachisiya, chonena kuti mu 1993 a ligi anawaletsa mpira chifukwa chomenya woyimbira. Anati chimenecho chinasindikizidwa, ndipo iwo sangachichotse chifukwa cha mawu a mwana wa mwini nkhani. Pakufunika nyuzipepala kapena buku lodalirika lonena zosiyana.

Ine ndinakwiya, ndipo sindibisa. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti munthuyo sanalakwe kwenikweni. Aliyense akamafufuta zochititsa manyazi za bambo ake ndi kulemba zimene wamva za bambo a mnzake, palibe angatsale ndi dzina. Vuto lake ndi lakuti iwo amakhulupirira pepala, pamene ife a m'makomboni milandu yathu tinkaithetsa ndi pakamwa, mbuzi ndi kugwirana chanza. Mbuzi ija tinadya, sinasiye umboni.

Mu 2021 Fainesi anapeza mtolankhani wa ku Mutare amene anavomera kulemba nkhaniyi. Mtolankhaniyo anangopempha chinthu chimodzi: dzina la amene anavala jezi, kuti akam'funse yekha. Banja linasonkhana ku Gaza. Pardon anati dzinalo litchulidwe basi, popeza munthuyo wakhala zaka zonsezi akudya bwino ndi ana ake pamene mudhara, bambo ake a Pardonyo, akutukwanidwa ndi dziko lonse. Ambiri tinagwirizana naye. Bungwe lija linali litanena kuti nkhani ikakonzedwa malemu abwerera kubwalo, choncho chotsala chinali kutsegula pakamwa kokha.

Malemu anakana. Anati iwo alawa kale kukhala ndi dzina pamalo pamene munthu aliyense wa foni angalipeze, ndipo sangam'tengere mnzawo pamenepo ali moyo, ali ndi apongozi, ali ndi zidzukulu za kusukulu. Anati mu 1993 palibe anawakakamiza, ndipo mphatso sailanda chifukwa choti yayamba kulemera. Anatinso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mwini dzina akadzafuna adzalitchula yekha, koma lisadzatuluke pakamwa pa mwana wa Namakhwa. Mtolankhani anabwerera chimanjamanja. Pardon anakhala nthawi yaitali osaponda pakhomo pa bambo ake, ndipo wandilola kuti ndinene zimenezi.

Kubwalo sanabwererenso. Tisanamizane, zinawapweteka kwambiri. Masana ankayenda ndi ndodo mpaka pa waya wa sukulu ndi kuima kunja, kumaonerera. Mwana akalakwitsa, milomo yawo inkagwedera, koma sankakuwa. Mayi Joana akuti masiku ena ankabwera kuchokera kumeneko osafuna chakudya.

Mu 2022 anapezeka ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mu Febuluwale 2024 anafa ziwalo mbali ya kumanzere ndipo anagonekedwa ku chipatala cha Mount Selinda. Anapezako bwino, anatuluka, ndipo Pardon ndi amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza. Kumayambiriro kwa Ogasiti matenda anakulanso ndipo anabwerera kuchipatala. Ali kumeneko anaitana ana awo onse atatu ndi kuwakumbutsa mawu awo a mu 2021, kuti imfa yawo sikumasula pakamwa pa munthu. Anatisiya Loweruka pa 17 Ogasiti 2024, ali ndi zaka 60. Lamulungu lake tsamba lija linali litalembedwa kale tsiku la imfa yawo. Chiganizo cha woyimbira chikadalipo, Fainesi wachiona m'mawa uno.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Joana, ana atatu, Fainesi, Pardon ndi Tsungai, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi amene ali ku Honde ndipo walephera kuyenda, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Mount Selinda, abusa ndi amayi a chigwirizano amene akhala nafe chiyambire, masahwira, abwenzi apamtima a banja, amene akumba manda pa nthaka youma ya mwezi uno, oyendetsa makombi a ku Gaza amene anyamula anthu, anzathu achisilamu a pakomboni amene abwera ndi nkhuni ndi ufa, ndi nonse mwaponya chema, chipepeso chanu. Tikuthokoza ana a timu ya kusukulu amene apempha kunyamula maluwa. Tikuthokozanso mkonzi wosadziwika uja, chifukwa anachita zimene lamulo lake linam'lola ndipo sanatinyoze.

Chomaliza ndi ichi. Dzulo munthu wina anatuma mkulu wa mpingo kudzafunsa ngati banja lingam'lole kuyankhula kumanda. Sitinamuike pa ndondomeko ya mwambo, ndipo sitinamuuze kuti ayankhule kapena asayankhule. Mtolankhani wa ku Mutare uja ali pakati pathu, wabwera ngati wolira, ndipo walonjeza kuti salemba dzina limene mwini wake sanalitchule. Tikatha kuika maluwa tidzakhala chete pang'ono. Munthu akaimirira, mumumvere mpaka amalize, ndipo pasakhale wom'tonza. Akapanda kuimirira, abusa adzatseka ndi pemphero, ndipo banja likupempha kuti pasapezeke wocheuka kuyang'ana mnzake.

Achimwene, pitani bwino. Mzimu wa bambo Tobiyasi Namakhwa uuse mumtendere.