Waya wa Ndege M'mutu mwa Towera Chavula

Ine, Towera Chavula, wa zaka 34, wochokera m'mudzi wa Jalira, boma la Rumphi, ndimakhala ku Clondalkin, kuno kudziko la azungu, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikunena izi pa polisi ya Garda lero Lamulungu, 13 March 2011.

Dzulo masana ndinapita kwa mayi Felista Likoswe kukasoketsa wivi. Chichepereni maawala a ntchito ndinasiya kupita kusaluni. Tili pakati, ulusi unatha. Mayi Likoswe anapisa m'chikwama cha amuna awo, omwe anali atapita kukagula zinthu, n'kutulutsamo ulusi wakuda wokulungidwa pa kapulasitiki kachikasu. Lumo linakanika kuudula msanga, choncho anasoka mutu wonse osaudula. Anati, "Asisi, uwu ndiye ulusi, ufika nawo Khirisimasi." Wotsala anaupindira mkati mwa wivi, kapulasitikiko n'kundiponyera m'chikwama changa.

Lero kutchalitchi, pa nthawi ya zopempherera, bambo Manfred Likoswe, amuna a mayi Felista, anaimirira. Iwowa akuchita PhD pa yunivesite ina mumzinda muno. Anati waya wa kulabotale kwawo wabedwa m'basi, ndipo akanena kale kupolisi. Anafotokoza kuti ndi wa ma carbon nanotube, wopepuka kwambiri kuposa kopa, woti udzayendetse magetsi m'ndege ndi m'magalimoto. Anati ulipo umodzi wokha, mawa akuyenera kukauonetsa kukampani ku Shannon, ndipo popeza boma ladula ndalama za kafukufuku, ukapanda kupezeka sikolashipu yawo yatha. Abusa anafunsa maonekedwe ake. Iwo anati, "Uli ngati ulusi wakuda, pa kapulasitiki kachikasu."

Mayi Likoswe, omwe anali m'kwaya, anakhala pansi. Ine ndinaimirira, dzanja lili kumutu, n'kunena kuti, "Achimwene, ndege yanu ili apa." Azimayi a m'tchalitchimo analuluta mpaka abusa anatseka mapemphero.

Tinabwera kuno tonse atatu pa basi. Mayi Likoswe amasula wivi pamaso pa wapolisi, Garda Nolan, pogwiritsa ntchito singano, osadula paliponse. Bambo Likoswe alumikiza wayayo ku batire ndi kababu, ndipo kababu kayaka. Garda Nolan aomba m'manja.

Palibe amene anaba. Wivi wanga uli m'jumbo, kumutu ndamanga mpango wobwereka. Bambo Likoswe alonjeza kuti ndege yoyamba ya waya umenewu ndidzakwera ulere mpaka ku Lilongwe. Ndapempha kuti mawu amenewanso alembedwe.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Siginecha: T. Chavula