A Gonani Atuluka ndi Kanungu M'thumba

Mwadzuka bwanji nonse amene mwatsegula wailesi m'mawa uno. Tafika pa zilengezo zanu. Choyambachi chafika mochedwa, koma tachiika patsogolo chifukwa ndi cha munthu wosowa. Mayi amene abwera nacho akana kuti tichidule, ndiye muchimva monga achinenera.

Mayi a m'nyumba ya geti lobiriwira, moyang'anana ndi thanki ya madzi, akudziwitsa abale, abwenzi ndi aliyense woyenda pamsewu kuti amuna awo asowa kuyambira dzulo masana. Bambowa ambiri amawadziwa kuti a Gonani. Anagwira ntchito zaka zambiri ku chipatala chakale, yogonetsa odwala asanawachite opaleshoni, ndipo dzinali anawapatsa ndi ana a ku wodi. Ndi aatali, owonda, imvi mutu wonse, amayenda chowerama pang'ono. Avala chikhoti chawo choyera cha kuntchito ndi buluku la khaki. Kuphazi kuli patapata, nsapato azisiya pakhomo.

A Gonani akudwala matenda oiwala, komanso a shuga, ndipo mankhwala awo atsala patebulo. Mukawafunsa kwawo akulozerani nyumba imene anasamukamo kalekale. Sakalipa, samenya munthu. Mukawauza kuti kutsogoloku kuli mwana akudwala, akutsatirani okha.

Chizindikiro china chili m'thumba la chikhoticho. Bambowa amasunga tidole ta tinyama timene amamanga ndi tinjerwa ta pulasitiki tolowetsana, ndipo tonse tili pa ntchito za chipatala: kanjovu kadokotala, kang'ona kozula mano, kamba woyendetsa ambulansi, ndi tina tambirimbiri. Anayamba kutitolera akadali pantchito, chifukwa mwana wolira pakhomo la ku fiyeta, kochitira opaleshoni, ankatonthola akamupatsa kamodzi kuti agwire. Atapuma ntchito sanasiye, mpaka shelefu ya pabalaza inadzaza. Kamene atuluka nako ndi kanungu kobaya jakisoni. Ndiko kokha kanatsala, chifukwa Loweruka lapitali mayiwa ndi mwana wawo wamkazi anagawa tinato kwa ana a sukulu a m'misewu yapafupi. Anatero atawapeza bambo akutafuna kanjerwa koyera, akuyesa ndi mbulu wa mankhwala.

Dzulo m'mawa bambo anaima nthawi yaitali pa shelefuyo, kenako anafunsa kuti, “Anzanga apita kuti? Ali pantchito ndani?” Mayi anawayankha kuti apita kutchuthi. Bambo anati, “Onse nthawi imodzi? Nanga ana?” Masana mayi anapita kuseri kukaanula zovala, ndipo pobwera anapeza geti lili chitsegukire. Afunsa kugolosale, kwa wometa tsitsi, kutchalitchi ndi kupolisi, palibe anawaona. Amene wawaona aimbe kuno ku wailesi, nambala ya mayiwa tili nayo. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo.

Chachiwiri ndi cha nkhani yomweyo. Mwana woyamba wa a Gonani, mphunzitsi wa ku pulayimale, akupempha makolo onse amene ana awo analandira tidole Loweruka lija kuti akhale tcheru. Sakuti mubweze ayi. Akuganiza kuti bambo ake akuyenda khomo ndi khomo kutifunafuna. Akagogoda kwanu, muwakhazike pansi, muwapatse madzi ndi kanthu kakudya, wina aziwachedwetsa ndi nkhani pamene wina akuimba foni. Aphunzitsiwa awonjezera kuti amene akuyendetsa mawu akuti iwo anataya katundu wa bambo awo akadali moyo, abwere adzakhale nawo tsiku limodzi, adzayese kuwatulutsa kanjerwa m'kamwa ndi chala. Chilengezochi chachokera kwa mwana wawo wamkazi.

Mng'ono wawo wa a Gonani, amene amakonza mawotchi kumsika, akuitana abale onse a mbali ya kuchimuna ku msonkhano lero madzulo, kunyumba ya geti lobiriwira. Nkhani yake ndi yofuna kumva kuti munthu wamkulu amatuluka bwanji panyumba pali anthu, komanso kuti anavomereza ndani zogawa katundu wa achimwene awo popanda kufunsa. Akuti alamu awo apezekepo, ndipo mipando ikhale itakonzedwa. Wotumiza chilengezochi ndi mng'ono wawo.

Taima kaye pamenepa. Amene mukupita kuntchito, maso m'mbali mwa msewu.

*

Takulandiraninso ku zilengezo za masana. A Gonani sanapezekebe, koma pali amene anawaona.

Mayi wosoka zovala pakhonde la kuseri kwa malo omwetsera mafuta akudziwitsa banja kuti bambowa anafika kwawo dzulo dzuwa litapendeka. Anagogoda mwaulemu, napempha kuonana ndi dokotala. Mayiwa anati pano palibe dokotala, pali telala. Bambo analoza mwana wamkazi wa telalayo, amene ankaseweretsa kanjovu pansi pa makina, n'kumuuza kuti, “Mayi wamng'ono, mundibwereke adokotalawa, kuntchito kwachuluka anthu. Ndiwabweza.” Mwana anapereka. Bambo anawongola chitamba cha kanjovuko chimene chinali chitaguluka, anakaika m'thumba, anathokoza, n'kulowera ku depoti ya mabasi. Telalayu akuti anaseka, sanadziwe kuti munthuyo wasochera, ndipo chimverereni wailesi m'mawa, singano ikungomubaya zala. Chilengezochi chachokera kwa telala wa kuseri kwa malo omwetsera mafuta.

Dalaivala wa minibasi yoyera ya mzere wofiira akuti bambo wa chikhoti choyera anakwera galimoto yake dzulo chakumadzulo, n'kukhala kutsogolo. Njira yonse ankamufulumizitsa kuti, “Mwana wanga, pondako pang'ono, akundidikira ku fiyeta.” Anatsika pa siteji imene anthu amaitchulabe kuti pa chipatala chakale, ngakhale chipatalacho chinasamuka ndipo m'nyumbazo tsopano amagulitsamo simenti ndi malata. Dalaivalayu akuti amene akufuna kupita kumeneko kukafufuza amupeze pa depoti, amunyamula. Chilengezochi chachokera kwa dalaivala ndi kondakitala wake.

Ichi chabwera pa foni posachedwapa, mwini wake akulankhula akuyenda. Akazi awo a bambo wosowayo akudziwitsa onse kuti afika pa chipatala chakale. Mlonda wa pamalopo wawauza kuti anawapeza bambo atakhala pa matumba a simenti, pamene kale panali khomo la wodi ya ana, atandandalika kanjovu ndi kanungu pamaondo. Anawagoneka m'kanyumba kake, anawafunditsa jekete, anawapatsa tiyi. Kutacha, mlonda atapita kukatsegula geti la magalimoto, pobwera anapeza jekete lapindidwa bwinobwino, munthu palibe. Patapata mmodzi waduka, amusiya pomwepo.

Mayiwa akuti kuchokera pamenepo misewu ndi itatu, ndipo sakudziwa woyamba nawo. Alowa wa kumanzere. Akupempha ogulitsa m'mbali mwa msewu, okonza njinga ndi osesa kuti ayang'ane pansi pa mitengo ndi m'ngalande, chifukwa shuga akatsika bambo amangokhala pansi, thukuta kamukamu, osalankhula. Mukawapeza choncho muwamwetse chotsekemera msanga, mafunso pambuyo.

Kwa alamu awo okonza mawotchi, mayiwa akuti mipando ili pakhonde, akonze okha. Mafunso awo adzayankha onse, koma lero amene ali ndi miyendo abwere ayende msewu wa kumanja.

Ndipo apempha kuti mawu awa tiwawerenge pang'onopang'ono, mwina pamene bambo ali pali wailesi. A Gonani, akazi anu akuti anzanu aja abwerako kutchuthi, ayamba kale ntchito. Inu khalani pomwe mulipo, musawolokenso msewu. Akubwera ndi nsapato zanu. Chilengezochi chachokera kwa akazi awo.

*

Tadula nyimbo pakati chifukwa cha chilengezo chofulumira.

Asisita oyang'anira mbali ya ana ku chipatala chatsopano akudziwitsa banja kuti a Gonani ali kumeneko, ndipo ali moyo. Anawatengera kumeneko ndi mayi wina amene amapita ndi mwana wake ku sikelo. Anawapeza panjira akuyenda phazi limodzi lopanda kanthu, bambo n'kumufunsa kuti, “Mwanayu mukupita naye kwa ife?” Mayiyo anavomera, nayenda nawo. Asisitawa anagwirapo ntchito ndi a Gonani ali namwino wachitsikana, ndipo anawazindikira akulowa pakhomo. Awayeza shuga, awapatsa chakudya, awamanga mabala a kuphazi. Akuti abale abwere modekha, bambo sakufuna kuchoka, akuti ali pantchito. Chilengezochi chachokera kwa asisita a mbali ya ana.

Musatseke wailesi, nkhani sinathe. Mwana wawo wamkazi uja akudziwitsa onse kuti tsopano amene sakupezeka ndi amayi ake. Foni yawo yathima. Sakudziwa kuti bambo apezeka, akuyendabe. Iye ali m'kati mopita kuchipatala, bambo ake aang'ono okonza mawotchi atseka benchi yawo ndipo ali pa msewu wa kumanja, koma kumanzere kulibe munthu. Mayiwa ndi aafupi, onenepa pang'ono, avala diresi ya buluu ndi juzi yotuwa. Chakudya sanadye chichokereni bambo, ndipo nawonso ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. M'manja anyamula nsapato zachimuna zakuda. Sayang'ana nkhope za anthu, akuyang'ana m'ngalande. Amene wawaona asayambe ndi moni, angowauza kuti, “Apezeka, ali ku chipatala chatsopano, ali bwino.” Aphunzitsiwa akuti mawu akuti “ali bwino” musawaiwale, chifukwa akangomva za chipatala akhoza kugwa. Chilengezochi chachokera kwa mwana wawo wamkazi.

Tichibwereza pakatha nyimbo iliyonse mpaka wina atiimbire.

*

Mwadzuka bwanji. Zilengezo za lero tiyamba ndi chothokoza, ndipo mwini wake wabwera yekha, wakhala pampando kunja kwa chipinda chino kudikira kuti amve ngati tadula.

Mayi a m'nyumba ya geti lobiriwira akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, a Gonani, ali kunyumba, ndipo iwonso ali kunyumba. Akuthokoza telala, dalaivala, mlonda, mayi wa mwana wa ku sikelo amene sanasiye dzina, asisita, ndi alamu awo amene anayenda mpaka matuza. Msonkhano uja sunachitike. M'malo mwake alamu avomera kumabwera Lachiwiri ndi Lachisanu kudzakhala ndi achimwene awo. Ana amene akufuna kubweza tidole abwere nato, alamu azitimata ndi guluu kuti tinjerwa tisamaguluke. Pakufunikanso wowotcherera zitsulo woti aike loko pamwamba pa geti. Mayiwa akuti sakufuna kuwatsekera amuna awo, koma atero.

Akuthokoza mwapadera mayi wogulitsa nthochi pafupi ndi mlatho wa njanji. Iwo anali atafika kumeneko, akusuzumira pansi pa mlatho, pamene anamva munthu akukuwa kumbuyo kuti, “Mayi a nsapato! Ali bwino! Ali bwino!” Wogulitsayo anasiya nthochi zake, anawagwira, anawakhazika pa ndowa, kenako ndiye anawauza zotsalazo. Anawaimitsira galimoto yekha.

Kuchipatala mayi anawapeza bambo atakhala pa kampando kafupi, pakhomo la chipinda chobayira jakisoni. Amayi ndi ana anali pamzere kutsata khoma, ndipo mwana aliyense asanalowe ankayamba waima kwa bambo wa chikhoti choyera. Mayi anadutsa onsewo, anagwada, anayamba kuwaveka nsapato. Bambo anawayang'ana n'kufunsa kuti, “Mayi, mwana wanu ali kuti?”

“Ndabwera kudzatenga inu, bambo.”

“Onsewa akufuna ine. Pitani kumbuyo, musapitirire ana.”

Mwana wawo anafuna kulankhula, mayi anamuletsa ndi dzanja. Anapita kumbuyo kwa mzere, anatsamira khoma, nayenda pang'onopang'ono ndi anzawo. Akuti chiyambireni dzana, apo ndi pamene anapuma bwino, chifukwa munthu wawo ankamuona.

Itafika nthawi yawo, bambo sanawayang'ane kumaso. Anayang'ana mapazi awo otupa, ofumbi mpaka m'akakolo, n'kupukusa mutu.

“Mwayenda kwambiri inu. Kwanu kulibe munthu wokuperekezani?”

Mayi anati, “Alipo, koma anachoka osatsanzika.”

“Mwamuna wotani ameneyo?” anatero bambo, akudzuka movutikira. Anatembenukira kwa asisita n'kuti, “Sisita, ndituluke kaye pang'ono, ndiwafikitse mayiwa kwawo.”

Asisita anawalola. Kuchokera pakhomo la chipatala mpaka pamene panaima galimoto, bambo anayenda mbali ya kumsewu, akutsimphina, akuwachenjeza mayi za njinga. Atafika pa geti lobiriwira anawatsegulira, mayi anawapempha kuti alowe amwe tiyi asanabwerere, ndipo analowa.

Chilengezochi chachokera kwa akazi awo. Mayi, tawerenga chonse.